Kumvera ndi Kumvana: Chiyankhulo ndi Khalidwe la Ana a Mkombaphala ku Chinamwali

Mawu oyamba

Kholo lililonse likamapititsa mwana ku sukulu ya mkombaphala limayembekezera zinthu ziwiri. Choyamba nchakuti mwanayo achangamuke m'mutu, ndipo chachiwiri nchakuti akhale wa khalidwe. Choyambacho sichivuta kuona. Mwana akafika pakhomo nkuwerenga manambala mpaka 20, kapena kutchula masiku a pasabata m'Chingerezi, kholo limadziwa kuti ndalama yake siikupita pachabe. Chachiwiricho ndiye chovuta. Kodi khalidwe angaliphunzire bwanji mwana wa zaka zitatu kapena zinayi, yemwe sadziwa nkomwe tanthauzo la mawu oti khalidwe?

M'nkhani ino ndifotokoza kuti mwana wa msinkhu umenewu amatola khalidwe kuchokera m'mawu omwe akuluakulu amamuyankhulira tsiku ndi tsiku, ndiponso kuti Chichewa chili ndi zipangizo zake zogwirira ntchitoyi. Zitsanzo ndazitenga ku Chinamwali, dera la mumzinda wa Zomba lomwe lili m'mbali mwa msewu wopita ku Domasi ndi ku Liwonde. Kumeneku ndi komwe ndakhala ndikuchita lendi pa zaka zanga za ku yunivesite, ndipo ndakhala ndi mwayi womvetsera alezi ndi ana m'sukulu zingapo za m'deralo.

Sukulu za ana aang'ono

Sukulu za ana osakwana zaka 6 zilipo za mitundu iwiri. Pali zolipira, zomwe anthu amatsegula m'nyumba, m'mipanda ndi m'matchalitchi. Palinso za m'mera mpoyamba, zoyendetsedwa ndi anthu a m'dera, zomwe m'mapepala a boma zimatchedwa CBCC. Sukulu za mtundu wachiwiriwu zidayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la UNICEF, ndipo zidachuluka m'zaka za m'ma 1990 pomwe matenda a Edzi adasiya ana amasiye ambiri. Boma lidakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya maphunziro a m'mera mpoyamba mu 2003, ndipo ina yokonzedwanso idatuluka mu 2017. Alezi ambiri a m'sukuluzi ndi amayi ongodzipereka. Mabuku ndi zoseweretsa zimakhala zochepa. Chipangizo chomwe mlezi aliyense amakhala nacho, kaya sukuluyo ndi yolemera kaya yosauka, ndi pakamwa pake.

Khalidwe ndi chibadwa

Mawu oti khalidwe amachokera ku mneni kukhala. Kapangidwe kake nkofanana ndi ka mawu monga kayendedwe, kadyedwe, kavalidwe ndi kayankhulidwe, omwe onse amanena za njira yochitira chinthu. Choncho khalidwe ndi njira yokhalira, makamaka yokhalira ndi anthu ena, ndipo njira munthu amachita kuphunzira. Pomwe mawu oti chibadwa amachokera ku mneni kubadwa. Amenewa amanena za zomwe mwana amabwera nazo: wina amabadwa wofatsa, wina wojijirika, wina wamanyazi, wina wolongolola. Chichewa chidasiyanitsa kale zinthu ziwirizi, ndipo mlezi woyamba ntchito yake posiyanitsa izi amapewa zolakwa zambiri.

Akatswiri awiri a ku America, Alexander Thomas ndi Stella Chess, adayamba mu 1956 kutsatira ana 133 a mumzinda wa New York kuchokera ali makanda mpaka atakula. Adapeza kuti pafupifupi ana 40 pa 100 aliwonse anali osavuta ndi ozolowera msanga zachilendo, ana 10 anali ovuta ndi osachedwa kulira, ana 15 anali ochedwa kuzolowera, ndipo otsalawo anali osakanikirana. Mfundo yawo yaikulu inali yakuti chibadwa pachokha sichilamula momwe mwana adzakhalire. Chofunika ndi kugwirizana kwa chibadwacho ndi momwe akuluakulu akumulerera.

Ku Chinamwali ndaonapo mwana wochedwa kuzolowera akutchedwa wamwano chifukwa choti sadayankhe moni wa mlendo. Ndaonaponso mwana wojijirika akutchedwa wosamva chifukwa cholephera kukhala pamphasa kwa ola lathunthu. Ana awiriwa sadalakwe kanthu. Chomwe chidachitika nchakuti chibadwa chawo chidaweruzidwa ngati khalidwe. Mwana wamanyazi angathe kuphunzira kupereka moni, koma adzaupereka motsitsa mawu, ndipo moniwo ndi wokwanira. Mabuku athu akale amavomereza kuti khalidwe limasintha. M'buku la Nthondo, lomwe Samuel Josia Ntara adatulutsa mu 1933, mnyamata yemwe adakula ali wovuta ndi wakuba adasintha mpaka kukhala mfumu yodalirika.

Mneni kapena dzina

Tiyeni tione njira zinayi zomwe munthu wamkulu angadzudzulire mwana yemwe wanena zosaona:

1. Wanama.
2. Umanama.
3. Ndiwe wabodza.
4. Chimwana chabodza ichi!

Chiganizo choyamba chili ndi mneni wa nthawi yangothayi. Chikunena za chinthu chimodzi chomwe chachitika lero, ndipo mwana angathe kuchikonza popepesa ndi kunena zoona. Chachiwiri chili ndi mphatikiri -ma-, wosonyeza chizolowezi. Mlandu wakula, koma tikadali pa zochita. Chachitatu chasiya zochita nkuyamba kunena za munthu mwiniwakeyo. Bodza lasanduka dzina lake. Chachinayi ndiye chapitirira. Mwana wachotsedwa m'gulu la mayina la Mu-A-, momwe muli mayina ambiri a anthu, ndipo waikidwa m'gulu la Chi-Zi-, momwe muli chipewa, chitseko ndi chinyama. Tikumbuke kuti munthu ndi chinthu ndi mawu a tsinde limodzi, -nthu. Chowasiyanitsa ndi mphatikiri wa kumayambiriro basi. Wonena kuti chimwana wamuvula mwana umunthu kudzera m'malamulo a chiyankhulo, ndipo mwanayo amamva kuwawa kwake ngakhale sadziwa za magulu a mayina.

Kafukufuku wa Susan Gelman ndi Gail Heyman wa mu 1999 adaonetsa mphamvu ya mayina otere. Ana a zaka 5 ndi 7 adauzidwa za mwana wina wokonda kudya karoti. Ena adauzidwa ndi mneni, kuti mwanayo amadya karoti nthawi iliyonse akapeza mpata. Ena adauzidwa ndi dzina, ngati momwe ife tinganenere kuti mdyakaroti. Ana omwe adamva dzina ndi amene adakhulupirira kwambiri kuti mwanayo adzakhala wotero mpaka kukula, ngakhale abale ake atamuletsa. Kafukufukuyu adachitika m'Chingerezi, koma kusiyana kwa dzina ndi mneni kulinso m'Chichewa, ndipo ife timapanga mayina otere mosavuta: wakuba, waulesi, wandewu, mbuli, chitsiru.

Nanga poyamikira? Mu 2014 Christopher Bryan ndi anzake adapeza kuti ana a zaka 3 mpaka 6 adathandiza kwambiri atapemphedwa kukhala athandizi kusiyana ndi atangopemphedwa kuthandiza. Koma kafukufuku wa Emily Foster-Hanson ndi anzake, yemwe adasindikizidwa mu 2020, adaonetsa kuti ana otchedwa athandiziwo amafooka msanga akalakwitsa pothandizapo, mwachitsanzo akataya zomwe adanyamula. Dzina, lokoma kapena loipa, limamanga mwana. Kwa ine phunziro lake ndi ili: podzudzula tigwiritse ntchito mneni, ndipo poyamikira titchule chomwe mwana wachita. Kunena kuti "Wachita bwino kumugawira mnzako chigumu" kumamuonetsa mwana chomwe angabwereze mawa. Kungoti "Ndiwe mwana wabwino" kumamusiya osadziwa chomwe chakoma.

Msintho wochitirana

Chipangizo chachiwiri ndi mphatikiri -an-, yemwe amapanga msintho wochitirana wa aneni. Gawa amasanduka gawana, thandiza amasanduka thandizana, bwereka amasanduka bwerekana, dikira amasanduka dikirana, khululukira amasanduka khululukirana. Sam Mchombo, m'buku lake la The Syntax of Chichewa la mu 2004, adafotokoza kuti mneni wotere amafuna ochita oposa mmodzi. Munthu sanganene kuti "ndikugawana" nkulekera pomwepo, pokhapokha atatchula yemwe akugawana naye. Ubale uli m'kati mwa mneni momwemo. Zimene mwambi uja umanena, kuti kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu, mphatikiri ameneyu amazinena m'malembo awiri.

Nthawi yomwe aneniwa amamveka kwambiri ndi ya phala. Makapu akachepa, mlezi wodziwa ntchito amati, "Tiyeni tidikirane," kapena, "Bwerekanani sipuni." Apa mlezi wadziika yekha m'gulumo ndi mphatikiri ti-, ndipo wamuonetsa mwana aliyense kuti lero akudikira iye, mawa adzamudikira anzake. Lamulo loti "Dikira!" limaphunzitsa kugonja. Pempho loti "Tidikirane" limaphunzitsa kusinthana.

Komabe mphatikiri yemweyu angathe kubisa chilungamo. Mwana wina akamenya mnzake yemwe sadamuyambe, mlezi wotopa amangofuula kuti, "Musamenyane!" Pamenepo wagawa mlandu pakati pa womenya ndi womenyedwa. Mwana wa zaka zinayi amadziwa bwino lomwe kusiyana kwa "wandimenya" ndi "tamenyana", ndipo akaona kuti wamkulu sakusiyanitsa, amaleka kudandaula kapena amayamba kubwezera yekha. Choncho mlezi ayenera kufunsa kaye chomwe chachitika asanasankhe mneni.

Mneni wina wofunika kumuonetsetsa ndi kumva. Mneni ameneyu amasenza zambiri. Timamva mawu, timamva njala, timamva kuwawa, timamva chisoni. Kuchokera kwa iye timapeza kumvera, kumvetsa ndi kumvana. Makolo ambiri akati mwana wa khalidwe amatanthauza mwana womvera, wochita zomwe wauzidwa. Kumvera nkofunika ndithu, pakuti mwana wosamvera pafupi ndi msewu wa magalimoto ngati wa ku Liwonde ali pangozi. Koma kumvera kumayenda njira imodzi, kuchokera kwa wamng'ono kupita kwa wamkulu. Kumvana kumayenda uku ndi uku, ndipo ndiko kumamanga ubwenzi, banja ndi mudzi. Kuti mwana afike pomvana ndi anzake ayenera kudziwa kutchula zomwe akumva iye ndi zomwe akumva mnzake. Chichewa chili ndi mawu ambiri apa, ndipo ochuluka amazungulira pa mtima: kupsa mtima, kuleza mtima, kuugwira mtima, kukoma mtima, kuuma mtima. Mwana yemwe waphunzira kunena kuti "ndapsa mtima" ali ndi njira ina yoonetsera mkwiyo wake kupatula kuluma ndi kukanda.

Iwe ndi inu

Chipangizo chachitatu ndi mawu a ulemu. Chichewa chimasiyanitsa iwe ndi inu, bwera ndi bwerani, pepa ndi pepani. Mphatikiri a- woikidwa pa dzina la munthu mmodzi amasonyeza ulemu: amayi, agogo, aphunzitsi. Kuno ku Zomba, komwe Anyanja, Ayao ndi Alomwe akhalira limodzi kwa nthawi yaitali, ana amatchula mnzawo wamkulupo kuti achimwene kapena achemwali, mawu omwe adalowa m'Chichewa kuchokera ku Chiyao. Mwana akamasankha pakati pa iwe ndi inu amakhala akuphunzira kuyang'ana yemwe ali patsogolo pake ndi kuzindikira ubale wawo. Moni wa Chingerezi womwe ana amaloweza m'makalasi alibe kusankha kotere, pakuti mlowam'malo wake ndi mmodzi kwa mwana ndi kwa gogo yemwe. Pamodzi ndi mawuwa pamabwera odi, zikomo, wawa ndi chonde, komanso kulandira chinthu ndi manja awiri. John Gwengwe adalemba zambiri za ulemu wotere m'buku lake la Kukula ndi Mwambo la mu 1965.

Pali chenjezo limodzi pankhani ya ulemuyi. Mwana yemwe waphunzitsidwa kuti wamkulu aliyense ngwoyenera kumumvera amakhala wosavuta kumuchitira nkhanza. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ana la mu 2010, ndipo bungwe la YONECO, lomwe likulu lake lili mu Zomba momuno, lidatsegula nambala yaulere ya 116 yoimbirapo za nkhanza zochitikira ana. Koma lamulo ndi lamya zimagwira ntchito pokhapokha mwana atayankhula. Motero pamodzi ndi zikomo ndi pepani, mwana aphunzirenso kunena kuti "ayi, sindikufuna" ndi "ndikanena kwa amayi". Mawu amenewa si mwano. Mlezi amene amalola mwana kukana mwaulemu, mwachitsanzo kukana kunyamulidwa ndi mlendo, akumupatsa chitetezo chomwe adzayenda nacho kulikonse.

Nthano ndi masanje

Dzina la dera lathuli ndi lofanana ndi la mwambo wa chinamwali, komwe anankungwi amalangiza atsikana otha msinkhu. Malangizo otere amayenera munthu yemwe wakhwima maganizo, wotha kumva mawu lero nkuwasunga mpaka adzawafune. Mwana wa mkombaphala sadafike pamenepo. Miyambi nayonso imamupitirira. Buku la J. C. Chakanza la mu 2000 lili ndi miyambi ya Chinyanja 2,000, koma mwana wa zaka zinayi akamva kuti mutu umodzi susenza denga amangoganiza za mutu ndi denga. Zomwe zimamufika pamtima ndi nthano ndi masewero.

Nthano imayamba kuphunzitsa isanafike nkomwe pa phunziro lake. Wokamba akati "Padangokhala", omvera amayankha kuti "Tili tonse", ndipo amapitiriza kuyankha mpaka nthano itatha. Apa mwana akuphunzira kudikira nthawi yake, kumvetsera ndi kuvomera pamodzi ndi anzake. Steve Chimombo, yemwe adaphunzitsa zaka zambiri ku Chancellor College, adalemba za luso la zolankhulidwa pakamwa zoterezi m'buku lake la Malawian Oral Literature la mu 1988. Nyama za m'nthano zimaonetsa mitundu ya anthu: Kalulu wochenjera, Fisi wadyera, Kamba wodekha, Njovu yodalira mphamvu. Ubwino wake ngwakuti dzina loipa limagwera Fisi, ndipo ana amakambirana za dyera popanda wina wa iwo kutchedwa wadyera. Funso lomwe ndamva kawirikawiri nthano ikatha ndi lakuti, "Tikuphunzirapo chiyani?" Ana amayankha zoloweza, monga kuti tisamabe. Mafunso opindulitsa kwambiri ndi onga awa: "Kodi Kamba adamva bwanji anzake atamusiya?" "Ukadakhala iwe ukadatani?" "Kodi Kalulu adachita bwino kunamiza mnzake, ngakhale adapulumuka?" Mafunso otere amamulowetsa mwana m'mtima mwa wina, ndipo amamuonetsa kuti kuchenjera ndi ubwino ndi zinthu zosiyana.

Masanje nawo ndi sukulu ya ubale. Lev Vygotsky, katswiri wa ku Russia yemwe adamwalira mu 1934, adaona kuti mwana akamasewera moyerekeza akuluakulu amadzigwira kuposa momwe amachitira nthawi zina zonse, chifukwa udindo womwe watenga uli ndi malamulo ake. Mwana womana akakhala mayi pamasanje amagawa nsima ya dothi mofanana, pakuti akudziwa kuti mayi samana ana ake. Amayankhulanso mwaulemu kwa abambo a pamasanjepo, nkumati inu kwa mnzake yemwe amamutcha iwe masiku onse. Ntchito ya mlezi apa ndi kuyang'anitsitsa. Ngati pali mwana yemwe tsiku lililonse amapatsidwa malo a galu kapena fisi, ndiye kuti gululo layamba kumusala, ndipo mlezi angasinthe maudindo mwakachetechete.

Chingerezi ndi makolo

Lamulo la maphunziro la mu 2013 lidati Chingerezi ndicho chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu, ndipo mu 2014 boma lidalengeza kuti zimenezi ziyambire Sitandade 1. Nchifukwa chake makolo a ku Chinamwali, ngakhale ogulitsa tomato pamsika kapena oyendetsa kabaza, amafunitsitsa sukulu yomwe mwana azikabwerako akuyankhula Chingerezi. Sindikuwadzudzula, pakuti akudziwa komwe kuli mayeso ndi ntchito. Koma ndaonapo sukulu zina zolipira zoletsa ana kuyankhula Chichewa pabwalo, ndipo zotsatira zake zimaoneka pa nthawi ya mkangano. Ana awiri akalimbirana mpira, mlezi amawalamula kuti apepesane m'Chingerezi. Amatchula liwu limodzi lolowezalo, nkhope zili gwa, ndipo nkhani imathera pomwepo popanda wina kufotokoza chomwe chamupweteka. Mwana alibe mawu okwanira a Chingerezi onenera za mumtima mwake, ndipo mawu omwe ali nawo waletsedwa. Maganizo anga ngakuti Chingerezi chiphunzitsidwe m'nyimbo, m'manambala ndi m'mayina a zinthu, koma kuweruza milandu, kutonthoza ndi kukamba nthano kuchitike m'chiyankhulo chomwe mwana amalirira.

Mlezi yekha sangathe ntchitoyi. Kafukufuku wa Berk Özler ndi anzake, yemwe adasindikizidwa mu 2018, adachitika m'sukulu za m'mera mpoyamba 199 m'maboma a Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo. Patatha miyezi 18, ana a m'sukulu zomwe alezi adaphunzitsidwa ndipo makolo nawonso adaphunzitsidwa za kaleredwe adachita bwino pa chiyankhulo ndi pa kukhala ndi anzawo kuposa ana a m'sukulu zomwe adangophunzitsa alezi okha. Patatha miyezi 36, anawo atalowa ku pulayimale, kusiyanako sikudaonekenso. Tikuonapo zinthu ziwiri. Chiyankhulo ndi kukhala bwino ndi ena zidakwera limodzi pomwe pakhomo ndi pasukulu padagwirizana. Komanso zomwe zadzalidwa ku mkombaphala zimafota ngati palibe wopitiriza kuthirira. Mlezi akamati "wanama" koma kunyumba akumati "chimwana chabodza", mwana amakhulupirira mawu a kunyumba.

Mawu omaliza

M'nkhani ino ndafotokoza kuti khalidwe ndi losiyana ndi chibadwa, ndipo kuti mwana wamng'ono amaliphunzira kudzera m'kasankhidwe ka mawu: mneni m'malo mwa dzina podzudzula, msintho wochitirana pomanga ubale, mawu a ulemu pamodzi ndi ufulu wokana, ndiponso nthano ndi masanje m'malo mwa malangizo. Zonsezi sizifuna ndalama, ndipo mlezi wongodzipereka angazichite pansi pa mtengo wa mango. Ife ophunzira za ziyankhulo tili ndi gawo lathu. Mu Zomba muno muli Centre for Language Studies, yomwe idakhazikitsidwa mu 1996 ndipo idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, komanso ku Domasi kuli Malawi Institute of Education. Chinamwali ili pakati pa malo awiriwa. Zomwe timaphunzira m'kalasi za magulu a mayina ndi misintho ya aneni tingathe kuzilemba m'Chichewa chosavuta pa masamba awiri kapena atatu, nkukazikambirana ndi alezi ndi makolo pa misonkhano yawo. Paja akuluakulu adati kuwongola mtengo mpoyamba, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe.